Banja la a Devan

Azakhali anga a Ginette ndi amene anayamba kuona kuti thaulo la mlendo wathu silinyowa.

"Ketsia, tabwera kuno," anandiitana akuyanika zochapa kuseri. "Munthu amachoka m'mawa thaulo lili paphewa, ati akupita kokasambira. Madzulo abwera, thaulo lili gwa, ngakhale kamchenga. Iwe si unapita ku yunivesite? Tandimasulira."

Ndinaphunzira masamu, koma chibwerereni kuno ku Baie Lazare ntchito yanga inali yoyala mabedi m'nyumba ya alendo ya azakhaliwo. Funso lililonse lofuna mutu ndinkalilandira ndi manja awiri.

Mlendoyo anali a Veikko, bambo wachikulire wa ku Finland, wamtali, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho. Tsiku limene anafika, mwina chifukwa cha kutopa, anandiuza zambiri kuposa masiku ena onse pamodzi. Pa ukwati wawo wonse wolankhula anali mayiwo, kusitolo, kuchipatala, ngakhale pafoni. Tsopano mwana wawo wamkazi, Outi, ankafuna kuti agulitse nyumba akakhale kwa iye, ati bambo ake sangadziyendetse okha. Ndiye anapangana. A Veikko abwere okha kuno ku chilumba chathu cha Mahé, asakwere takisi, asatenge wowaperekeza, akafike pa kagombe kena kobisika m'miyala kamene malemu anakasankha asanadwale, atumize chithunzi ali m'madzi. Akatero, nkhani yogulitsa nyumba ithere pomwepo.

Kagombeko ndimakadziwa. Basi yopita ku Victoria imadutsa pamwamba pake penipeni, ndipo siteji ilipo. Mwana wa sukulu akhoza kukafika ali m'tulo. Koma ndege ya a Veikko inali yonyamuka mawa lake, ndipo chithunzi kunalibe.

"Sadziwa kusambira," ndinayesa.

"Munthu wochokera kudziko la nyanja zokhazokha? Ayi. Ameneyu wapeza mzimayi ku tauni. Sukuona m'mawa uliwonse akukulunga keke ya nthochi m'kapepala? Akudyetsa ndani?"

M'mawa umenewo ndinawatsatira. Ndinayamba kukwera ine, pa siteji ya kumtunda, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Woyendetsa anali Rolly, mnzawo wa achimwene anga. Basi itaima pakwathu, a Veikko anakwera, n'kuwerama pang'ono ngati akulowa m'tchalitchi, n'kupereka kapepala kaja ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, bambo Devan," anatero chapansipansi.

Rolly analandira keke osadabwa n'komwe, n'kuiika pambali pa chiwongolero.

Tinayenda. Mayi wina anakuwa, "Devan!" basi inaima, anatsika. Mnyamata wa nsomba anakuwa, "Devan!" inaimanso. Titayandikira kagombe kaja a Veikko anadzuka pang'ono pampando, thaulo m'manja, maso ali pa nkhongo ya Rolly ngati munthu wodikira kuti amukumbukire. Pa sitejipo panalibe wokwera, m'basi munalibe wotsika. Tinadutsa. A Veikko anakhalanso pansi bwinobwino, n'kuyenda nafe mpaka ku Victoria.

Ndinawapeza pa depoti atakhala pa benchi. Atandiona anafiira mpaka m'makutu.

"Bambo, bwanji simunatsike?"

Anandifotokozera mwadongosolo ngati mphunzitsi. Iwo anali ataona kuti basi za kuno zimaima munthu akamutchula dzina woyendetsa. Anaonanso kuti oyendetsa amasinthasintha koma dzina ndi limodzimodzi, kutanthauza kuti ntchitoyi ndi ya banja limodzi, banja la a Devan. Pachilumba chaching'ono zimenezo n'zomveka. Ndiye popeza onse amadziwana, aliyense ali ndi ufulu woitana mnzake. Koma iwo, mlendo wadzulodzulo, angakuwe bwanji dzina la munthu wamkulu ali pa ntchito? Kwawo zimenezo ndi mwano. Choncho anaganiza zoyamba ndi chibwenzi, keke pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mmodzi wa abalewo adzawaimikire mwa iye yekha.

Kunena zoona ndinachita nawo kaso. Ku yunivesite ndinaonapo anthu akulemba masamu otere, mzere uliwonse wolondola kupatula woyamba.

"Bambo," ndinatero, "devan si munthu. M'chinenero chathu cha Chikiliyo ndiye kuti kutsogolo. Ukufuna kutsika pa siteji ya kutsogoloko, umakuwa choncho. Aliyense, ngakhale wakuba."

Anayang'ana nkhunda zimene zinkatola nyenyeswa pansi.

"Nanga amene ndakhala ndikuwapatsa keke aja ndani?"

"Wa lero ndi Rolly. Enawo sindikudziwa, koma akuyamika."

Sanaseke, koma phewa limodzi linagwedezeka.

"Tibwerere limodzi," ndinatero. "Tikafika ndikuwa ine, inu n'kutsika."

"Ayi. Ukakuwa iwe, Outi wanena zoona."

Basi ya masana tinapezanso ndi ya Rolly yemweyo. Ndinamunong'oneza nkhani yonse pakhomo. Anaseka mpaka kugona pa chiwongolero.

"Ine ndimayesa mzungu wapenga mwaulemu! Usadandaule, mlongo, ndiwaimikira."

"Usayerekeze. Usaime mpaka uwamve ndi makutu ako."

Vuto la Rolly ndi lakuti sadziwa kunong'ona. Tisanatuluke m'tauni basi yonse inali itadziwa. Pafupi ndi a Veikko panakhala a Madanm Zita, mayi wonenepa wogulitsa zokometsera ndiwo kumsika, dengu lili pamiyendo. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Thupi lonseli mulibe mawu? Ketsia, tawauza ayeserere. Tiyeni, bambo. De-van."

"Devan," anatero a Veikko.

"Mwamva inu kumbuyoko?"

"Tamva udzudzu!" wina anayankha.

"Rolly, dzina lako latsopano likukukhala!" anakuwa wina. "Bambo ako akudziwa?"

"Bola ine ndimadya keke, iwe akupatsa ndani?"

Tinakwera phiri, injini ikulira ngati ikuphedwa, n'kutsikira mbali ya kwathu. Mawindo onse anali otsekula, wailesi ya Rolly ili pamwamba. Anthu ankatsika mmodzimmodzi, ndipo aliyense pokuwa ankatembenukira kwa a Veikko ngati akuwaonetsa kagwiridwe ka khasu. Mdala wina anachita kuimba.

Kagombe kaja kanaonekera m'munsi, madzi ali mbee pakati pa miyala. Maso onse m'basimo anali pa mlendo wathu. A Veikko anaimirira, anagwira chitsulo, anatsekula pakamwa. Ndinaona milomo ikuyenda. Ine amene ndinali kumbuyo kwawo sindinamve kanthu.

Rolly anandiyang'ana pa galasi. Ndinapukusa mutu. Tinadutsa.

Apa ndinayamba kuganiza kuti mwina masamu olakwika anali anga, ndipo munthu wamkulu akataya nyumba yake chifukwa cha nzeru zanga. A Veikko anali chiimire, thukuta lili chuchuchu m'khosi.

Siteji yotsatira inali ya a Madanm Zita. Aliyense ankadziwa, chifukwa nyumba yawo yobiriwira ili pamsewu pomwepo. Anakonza dengu, anakoka mpweya kuti akuwe, kenako anatseka pakamwa n'kupinda manja.

Nyumba yobiriwira inadutsa.

"Mayo ine!" anayamba. "Pakwathu apo pakupita! Ketsia, tawauza bambowa. Mawondo angawa ndi otha, dokotala anandiletsa kuyenda. Ine sindikuwa lero. Akandifikitse kutali ku Takamaka ngati afuna, ndikagone m'tchire, mlandu ndi wawo."

Ndinamasulira mawu onse, osasiyako. Mtsikana wina wa yunifolomu ya kuhotela anati nayenso sakuwa, ngakhale achedwe ku ntchito. Mdala wina wa kumbuyo anati iye kwawo anadutsa kale, koma zimenezo linali bodza.

A Veikko anayang'ana mawondo a mayiwo, anayang'ana nyumba ikucheperachepera kumbuyo. Nkhope yawo inasintha ngati ya munthu amene waponda mwana phazi.

"DEVAN!"

Sindinadziwe kuti m'chifuwa chimenecho munali chinthu chotero. Khanda lina limene linali m'tulo linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Rolly anaponda buleki, dengu la a Madanm Zita linagwa, tsabola ndi mandimu n'kumwazika mpaka kutsogolo.

"Ndamva, bambo, ndamva!" anatero Rolly atagwira khutu. "Ndi azibale anga onse amva!"

Anaimika pa siteji ya pamwamba pa chitunda. Anthu ankaomba m'manja, ena akutola mandimu. A Veikko anatsika, n'kutembenuka kuthandiza a Madanm Zita, amene anatsika mopepuka kwambiri kwa munthu woletsedwa ndi dokotala. A Veikko anawalandira dengu.

"Ameneyu ndamukonda," anatero mayiwo. "Akanakhala wosachoka mawa ndikanamuphunzitsa ndi kutukwana komwe."

Ndinadzuka kuti nditsike nawo, poti kubwerera ku kagombe kuja kunali kamtunda ndithu, dzuwa lili pamutu. A Veikko anakweza dzanja.

"Iwe pitirira. Njira ndaiona kambirimbiri."

"Nanga chithunzi akakujambulani ndani?"

Anaima kaye. Zimenezo anali asanaziganizire. Anayang'ana foni m'thumba la malaya, kenako msewu wotsetsereka.

"Ndikapempha munthu," anatero, mokweza ndithu.

Rolly anatseka chitseko. Pa windo la kumbuyo ndinawaona akutsika chitunda, dengu lili m'manja, a Madanm Zita akulankhula ndi manja onse awiri m'chinenero chimene a Veikko sankamva, koma iwo akuyankhabe.