Madzi a M'beseni la a Nison

Mayi Sivyo atalowa m'chipinda kukadzutsa amuna awo, anapeza pabedi palibe munthu, bulangete lili pansi. Chimene chinawaopsa si bedilo ayi. Chinali chikho chamkuwa chazigwiriro ziwiri chija: chinali chodzaza mpaka pakamwa monga anachisiyira dzulo, ndipo beseni linali louma gwa.

Zaka makumi asanu ndi ziwiri ali pabanja, a Nison anali asanatulukepo m'chipinda m'mawa osasamba m'manja. Ife Ayuda a kuno ku Bukhara timatero tonse, tonse amene tatsalafe, pakuti tatsala owerengeka. Munthu ukadzuka, mzimu woipa wa kutulo umakhala udakali kunsonga za zala. Sukhudza diso, sukhudza pakamwa, chakudya ndiye usayerekeze, mpaka utathira madzi kudzanja lamanja, kenako lamanzere, mosinthanitsa katatu. Madzi otsikira m'beseniwo ndi odetsedwa. Samwetsa nkhuku, sathirira mbewu, amakawataya kungalande kumene sikuponda munthu.

A Nison anali ataiwala zambiri. Anaiwala maina a adzukulu, anaiwala njira ya kusunagoge, masiku ena ankaiwala ndi dzina la akazi awo lomwe. Koma chikho chija manja awo ankachipeza okha maso asanatseguke bwino. N'chifukwa chake chaka chatha, mwana wawo Osnat, namwino ku Tashkent, atalimbikira zoti makolo ake asiye nyumba akakhale naye, mayi Sivyo anamuyankha mothumbwa: "Tsiku limene bambo ako adzaiwale kusamba m'manja, katundu ndidzamanga ndekha. Lisanafike tsikulo, usandivute." Ankayesa kuti tsikulo kulibe. Ndipo taonani, Osnat anali atafika dzulo pasitima, atagona m'chipinda cham'mwamba.

Amuna awo anawapeza kukhitchini, atanyema buledi wobulungira wa dzulo, akutafuna pang'onopang'ono kwinaku akutikita diso ndi chala.

"Bambo a Osnat, mwasamba m'manja?"

"Buledi ameneyu wachepa mchere," anatero a Nison.

"Ndikuti mwasamba?"

Anangowayang'ana, akumwetulira ngati mlendo amene safuna kukhumudwitsa mwininyumba.

Pamakwerero panamveka mapazi. Mayi Sivyo analanda bulediyo n'kumukankhira kuseri kwa thumba la mpunga, kenako anathamangira kuchipinda, mawondo akudandaula. Ananyamula chikho n'kukhuthulira madzi m'beseni, popanda dzanja lililonse pansi pake. Anathira kasanu n'kamodzi, mwadongosolo lake, ngati kuti Mulungu akuwerenga. Mtima unawawawa kwambiri. Chibadwire anali asananamizepo mwana wawo.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Abambo asamba?" anafunsa Osnat ali pakhomo, tsitsi lili nyankhalala.

"Maso uli nawo. Suzumira m'besenimo."

Osnat anasuzumira, napuma mpweya wautali. Nayenso sankafuna kuzula makolo ake, zimenezo tisamunamizire. "Abambo anga amenewo! Ndiye lero ndikuphikirani mpunga wa nyama, inu mungokhala ngati mfumukazi."

"Iwe kuphika? Ukufuna utiphe ndi mafuta," anatero mayi Sivyo, nanyamula beseni kutuluka nalo pabwalo.

Linali tsiku lachitatu mipope ili youma, ndipo mpesa umene a Nison anadzala chaka chimene Osnat anabadwa unali utayamba kupinda masamba. Mutu wa mayi Sivyo unali pa buledi wobisika uja, pa mawa, pa mkuja: kodi adzadzuka nthawi yanji kuti adzawapeze amuna awo asanatsike pabedi? Mutu uli kumeneko, manja anachita zimene akhala akuchita ndi madzi oyera moyo wawo wonse. Anawakhuthulira patsinde pa mpesa.

"Amayi."

Osnat anali ataima pakhomo la khitchini, ketulo ili m'manja. Sanakweze mawu.

"Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinathira madzi a m'beseni pamtengo womwewo. Khutu langa ili likukumbukirabe zala zanu. Chaka chimenecho munatiletsa kudya mphesa zake, tonse m'nyumba muno."

Mayi Sivyo anayang'ana dothi lonyowalo. "Ndakalamba, mwanawe. Ndasokoneza."

"Ngati mwasokonezadi, ndiye kuti oiwala m'nyumba muno alimo awiri, ndipo sindingakusiyeni ngakhale tsiku limodzi. Ngati simunasokoneze, madziwo sanakhudze manja a munthu. Ndiuzeni inuyo, amayi, ine sindikufuna kusankha."

Mayi Sivyo anakhala pansi pakhonde, beseni lili pamiyendo. Anaona khoma limene apongozi awo anamanga, khomo limene mkwatibwi aliyense wa banjali analowera, mpesa uja. Akanatha kunena kuti mutu wawo ndi umene wayamba kuthawa, kuti ulemu wa amuna awo utsale. Koma bodza lachiwiri sanathe kulinena.

"Anali oyera," anatero. "Ndawapeza akudya buledi."

Osnat anaika ketulo pansi n'kukhala pambali pawo. Amene analira anali Osnat, mayi ake maso ali gwa.

Patapita kanthawi mayi Sivyo anatunga madzi ena mumtsuko n'kulowa kukhitchini. Osnat anagwira beseni, mayi ake chikho. A Nison anatambasula dzanja lamanzere, ndipo mayi Sivyo analibweza mofatsa n'kutenga lamanja. Anathira kumanja, kumanzere, mpaka katatu. Osnat anayamba mawu a dalitso n'kuima pakati, kudikira kuti bambo ake amalize, monga iwo ankamudikirira iye ali mwana. A Nison ankangoyang'ana madzi akudontha kuzala zawo.

"Akuzizira bwanji," anatero. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Zikomo, mayi. Kodi eni ake nyumba ino abwera nthawi yanji?"

Dalitsolo analimaliza mayi Sivyo. Madziwo anakawataya okha kungalande, kuseri kwa mpanda. Pobwera anapitirira kuchipinda, nakoka sutikesi yakale pansi pa bedi n'kuyamba kupinda malaya a amuna awo.

Osnat anabwera ndi chikho chamkuwa chija atachipukuta, nafuna kuchiika pansi penipeni, pakati pa zovala, kuti chisaphwanyike.

"Ayi, chiike pamwamba," anatero mayi Sivyo osadzutsa mutu. "Sitima yopita ku Tashkent imafika kutacha. Ndidzachifuna asanatsegule maso."