Apongozi pa Galasi la Foni

Mphepo ija itagwetsa nsanja ya netiweki paphiri, mafoni athu onse anasanduka matochi. Mlatho wa kumunsi unapita ndi madzi, mapolo a magetsi anagona m'minda ya kachewere, ife a kumtunda kwa Bembeke kuno n'kutsala tokhatokha. Ine Monika zanga zinali zochepa, denga la khitchini basi. Amene ankandimvetsa chisoni ndi mlongo wanga Gervazio.

Mkazi wake Nomsa anali kuchidikiro, pachipatala cha kutsidya kwa mtsinje, pamodzi ndi mayi ake a Nankhoma. Mimba yoyamba anapita padera, ndiye ulendo uno anamwino anamuuza kuti akakhaliretu pafupi. Tsono kunabwera mphekesera, kaya anaiwolotsa ndani mtsinje wodzaza chonchija, yoti denga la chidikiro lasasuka ndipo khoma lagwera anthu. Gervazio anasiya kudya. Kukacha ankatsetserekera kumtsinje kukayang'ana madzi, n'kubwerako maso ali psuu. Tsiku lina ndinachita kumugwira malaya atayamba kale kupinda buluku kuti awoloke.

Kenaka m'mawa wina tinangoona anthu akutsika njira ya kuphiri, anyamata ndi atsikana, matope mpaka m'mawondo. Mudzi wonse unathamangira kutchalitchi, aliyense thumba m'manja. Wamkulu wawo, mnyamata wamagalasi dzina lake Dennis, anaona matumba aja n'kuseka mwamanyazi.

"Pepani amayi, ife si aufa. Ndife ongodzipereka, ntchito yathu ndi ya makompyuta. Tabwera kudzakulumikizani ndi abale anu."

Azimayi ena anayamba kung'ung'udza, ati netiweki amadya? Koma Gervazio anali ataimirira kale.

"Katundu wanu ali kuti, achimwene?"

Galimoto yawo inali itatitimira kuseri kwa phiri. Tinapita tonse, ngakhale ong'ung'udza aja, poti Mchewa safuna kumva za m'maluwa. Masola tinasenza pankhata, mawaya ana anakulunga m'khosi. Batire lomwe amuna awiri ankalinyamula akubuula, Gervazio analiponya paphewa yekha n'kuyamba kutsogola. Munthu wosadyayu, mphamvu anazitenga kuti, ine kaya.

Ntchito inagundika. Mtsikana wina anakwera padenga la tchalitchi ndi chimbale choyera chonga thireyi, amuna ali pansi kukamwa yasa. Dennis anati chimbalecho chimalankhula ndi makina a mumlengalenga, ndiye chimafuna kuona thambo popanda chotchinga. Asanamalize n'komwe, Gervazio anali mumtengo wa bulugama ndi chikwanje, nthambi zikugwa. Dennis anatiuzanso kuti anzawo ena anadzera njira ina, ali kuchipatala akumangirira chimbale ngati chomwechi.

Kagetsi kobiriwira katayaka pakabokosi kolumikizidwa ku chimbale chija, abale inu, mafoni akuluakulu analira onse pamodzi ngati achule mvula itagwa. Nthungululu zinamveka mpaka kudimba. Mayi wina mwa ong'ung'udza aja ndi amene anayamba kuvina, foni ili m'mwamba. Ife a timafoni ta mabatani anati tigwiritse ntchito foni ya Dennis, ndipo mzere unafika kumpanda. Koma panalibe wotsutsa kuti woyamba akhale Gervazio.

Dennis anaimbira mnzake Ephraim kuchipatala kuja, kuimba koonana nkhope, n'kumupatsa Gervazio foni m'manja. Ine ndinasuzumira paphewa pake. Chithunzi chinkagwedezeka poti Ephraim ankayenda. Tinaona malata atamwazika pabwalo. Tinaona khoma logumuka, zitenje zitayanikidwa panjerwa. Tinamva Ephraim akufunsa za Nomsa wa ku Bembeke, wina n'kuyankha kuti mperekezi wake ndi awa. Chithunzi chinatembenuka, ndipo galasi lonse linadzaza ndi nkhope ya a Nankhoma.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina. Chikwatirire, Gervazio anali asanawaonepo a Nankhoma pafupi chonchi, mpaka kuwerenga makwinya. Anaika foni ija pampando mwaulemu, n'kubwerera chafutambuyo, kuvula chipewa, kunjuta atafulatira. Kutsidya nakonso tinangoona khutu ndi duku, mayi atatembenukira kukhoma.

"Yaduka kodi?" anafunsa Dennis akuthamangira kukabokosi kake.

"Siinaduke, ndi apongozi," ndinatero.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Dennis, mwana wokulira ku Lilongwe, mwambowu sankaudziwa. Kenaka anandinong'oneza kuti ndi chifunga chimenechi masola sakukoka bwino, batire silichedwa kutha, ndipo mzere ndi uwo. Ndinatola foni ija.

"Amayi, ndine Monika. Kuli bwanji kumeneko?"

A Nankhoma anatembenuka pang'ono. Anayamba ndi moni. Anafunsa ana, anafunsa ngati mbuzi zawo zinapulumuka. Atatero anayamba malonje kuchokera pachiyambi penipeni, mmene ananyamukira, minibasi imene anakwera, mmene mitambo inayambira kuda. Munthu wamkulu sumudula pakamwa, ndikudziwa. Koma ndinayang'ana msana wa mlongo wanga, malaya atanyowa ndi thukuta, chipewa akuchifinya ngati akuchapa. Ukali unandikwera.

"Amayi, mundikhululukire. Munthu akufa kuno. Anamva zoti khoma linagwera anthu, ndipo chimvereni sanalawe kanthu. Nomsa ali moyo?"

A Nankhoma anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti sankadziwa zoti mphekesera imeneyo inatifika. Anauza Ephraim kuti awatsate. Chithunzi chinagwedezekanso, chitseko chinalira, kenaka mawu awo anamveka okwera, osanjenjemera.

"Mufikitsireni foniyo mlongo wanuyo pamene ali."

Ndinapita nayo n'kuigwira kumbuyo kwa mutu wa Gervazio.

"Bambo," anatero a Nankhoma, "ndikulankhula ndi inuyo. Khoma linagwa ife titasamutsidwa kale. Tembenukani. Manyazi tidzachitirana madzi akaphwa."

Gervazio anatembenuka pang'onopang'ono, akadali chinjutire. Pagalasi panali Nomsa, atatsamira pilo, milomo youma, tsitsi losapesa, akumwetulira. Pachifuwa pake panali kamtolo ka zitenje.

"Mwaonda bwanji inu?" anatero Nomsa. "Ndi wamkazi. Wabadwa dzana."

Kumbuyo kwanga nthungululu zinaphulika, wina anathamangira kukaliza belu, Dennis anavula magalasi n'kumapukuta. Ine ndinalira poyera, sindibisa. Gervazio anandilanda foni ija ndi manja awiri n'kuiyandikiza kumaso. Chitenje chinali chitaphimba mwana mpaka pamphuno, ndipo ndinamuona mlongo wanga akukanda galasi ndi chala chake chamatope, pang'onopang'ono, kuti achisunthe aone nkhope.