Kabudula wa Fiskani

Timu ya Cheche inayambira ku Industrial Area mu Nairobi, pomwe anyamata a m'mafakitale ankachita masanje ndi mpira wa basiketibolo pa nthawi yopuma. Lero mwana aliyense wa m'dera la South B amafuna kuzunguza mpira pachala ngati iwo. Cheche sinagonjepo, koma musaombe m'manja: imayenda ndi timu yakeyake yoti izigonja. Fiskani, Mmalawi wophunzira pa koleji ina mu Nairobi, anali m'timu ya zitsiru imeneyo.

Ntchito yake inali kuphonya dala, kugwa chagada, ndipo kumapeto katswiri wa Cheche ankamutsitsa kabudula kuti ana afe nalo phwete. Zinkamuwawa, koma ankangomeza.

Loweruka lina bwenzi lake Tionenji anabwera kudzaonera masewero ndi amalume ake, a Lawson, eni mbumba amene ankayenera kuvomereza ukwati wawo. Fiskani anathamangira kwa Edmond, mphunzitsi wa matimu onse awiri.

"Coach, lero lokha zakabudula tisiye. Kwabwera akuchikazi."

"Kazi ni kazi," anatero Edmond m'Chiswahili, osacheuka n'komwe. Kwa iye ntchito inali ntchito basi. Mwano wake! Fiskani anatero chamumtima. Munthu wandevu avulidwe pamaso pa eni mkazi?

Fiskani anamanga chingwe cha kabudula mfundo yolimba, mtima ukuwira. Nthawi itakwana, katswiri uja anakoka, kabudula osasuntha. Anakokanso. Fiskani anamukankhira uko, n'kulanda mpira, n'kugoletsa. Anagoletsanso, anagoletsanso, ukali wa zaka zonse uli m'manja. Wezulo itaomba, timu ya zitsiru inali itapambana.

Kamtsikana kena kovala malaya a Cheche kanayamba kulira, anzake n'kulandira. Edmond anangomulozera Fiskani kuchipata.

Fiskani sanasamale. Anapita kwa a Lawson thukuta lili kamukamu, n'kugwada mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

A Lawson anamuyang'ana n'kuti:

"Tionenji anandiuza zonse, zakabudula zomwe. Ndinati uyu ndiye mwamuna, wololera kusekedwa kuti ana asangalale. Ndiye taonani anawo." Anadzuka n'kukutumula thalauza. "Munthu woliza ana a eni chifukwa cha manyazi ake, wathuyu akadzamulakwira adzamutani? Tiye, Tionenji."

Fiskani anatsala chigwadire, zala zikulimbana ndi mfundo imene inakana kumasuka.