Thabwa la Kuseri kwa Shedi

"Mwendo uwu mwauyeza ndi tepi kapena ndi maso?" anafunsa Aubrey, atakweza thabwalo m'mwamba kuti aliyense alione.

Ankafunsa Gladson. Akalipentala anzake awiri anaweramira pa ntchito, ndipo mayi wina amene anadzafunsa za chitseko chake anayamba kuyang'ana kumsewu ngati akudikira kabaza. Miyendo ya mabenchi a tchalitchi inali itadulidwa yaifupi, matabwa abwinobwino atawonongeka. Aubrey sanalekere pomwepo. Ananena kuti kufakitale ku Limbe, kumene iye anali kapitawo, munthu wotere amamuonetsa geti tsiku lomwelo. Anawonjezera kuti zogwira ntchito mwachibale zapita kumanda ndi mwini wake.

Mawu omalizawo atangotuluka, iye mwini anamva kuti wapyola malire.

Mwini wakeyo anali a Frackson Kalinde, bambo ake omubereka, amene anaikidwa m'manda sabata yomweyo. Mitu ya anamfedwa inali idakali yometa. Pa tsiku lometalo abale a malemu sanabise mawu: shedi ya pa Milepa ikangoima, adzagawana zida, wina sowo, wina pulena. A Nabanda, amayi ake a Aubrey, analibe china chodalira kupatula shediyo ndi kamunda kotopa kale. N'chifukwa chake Aubrey anapempha tchuthi n'kubwera ndi majombo ake ndi mawu ake a kufakitale. Mwana wa anthu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wantchito amayenda bwino akamakalipiridwa.

Gladson anavula ovololo, anaipinda bwinobwino, n'kuyamba kulonga zida zake m'thumba. Munthu ameneyu ndiye anali msana wa shedi. Anaphunzira ukalipentala m'manja mwa malemuwo, Aubrey asanayambe n'komwe sukulu, makasitomala ankamudziwa, anzake ankamumvera. Akachoka iye, enawo sakanakhalitsa. Aubrey anazidziwa zonsezi ndipo anagwidwa ndi mantha, koma manyazi anamuumitsa khosi. Anangoti chilili, thabwa lili m'manja.

A Nabanda anali pakhomo kalekale, duku lakuda kumutu, chigubu cha thobwa la antchito chili m'manja. Anachiika pansi mosafulumira.

"Aubrey mwananga, tabwera undigwirire thabwa kuseriku."

Iye anafuna kunena kuti atume mmodzi wa antchitowo, poti ndiyo ntchito yawo. Asanatsegule pakamwa, Yamiko, mmodzi wa akalipentala aja, anayamba kukhoma misomali mwamphamvu ngati benchiyo yamulakwira, mnzake n'kukoka sowo pa thabwa losafunika kudula. Phokoso linadzaza shedi yonse. Ngakhale Gladson anasiya kulonga.

Kuseriko kunalibe thabwa loti munthu anyamule. Linalipo limodzi lokha, lakale, logonekedwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, losalala chifukwa chokhalidwa. A Nabanda anakhala mbali ina n'kumulozera inayo.

Anamuuza kuti zaka zonse zimene bambo ake anayendetsa shedi, sanadzudzulepo wantchito pamaso pa anzake, ngakhale kamodzi. Wolakwa ankapemphedwa kuti akagwire thabwa kuseri, basi. Aubrey anafunsa za phokosolo. Amayi ake anati nalonso analiyambitsa bambo akewo: mnzako akaitanidwa kuseri, iwe khoma misomali, makutu ako asagwire ntchito.

"Iwe umawayesa ofatsa bambo ako," anatero a Nabanda. "Pathabwa pano analiritsa azibambo andevu zawo. Koma munthu akamabwerera mkatimo, ankalowa mutu uli m'mwamba."

Aubrey anasisita thabwalo ndi chikhatho. Anakumbukira tsiku limene anathawa kusukulu n'kukagwidwa pamsika. Bambo ake sananene kanthu pamaso pa alongo ake. Anangomupempha kuti akaone limodzi mbuzi kukhola, ndipo zimene anamuuza kumeneko sanaziiwale mpaka lero. Iye ankayesa kuti anali mwayi chabe kuti tsikulo sanamuchititse manyazi.

"Bokosi la maliro a bambo ako analikhoma ndi Gladson," amayi ake anapitiriza. "Anakaniza aliyense kuligwira. Chiyambire tsiku limenelo manja ake sakukhazikika. Gladson walakwitsa ndithu, ndipo umuuze. Koma osati ngati pamsika."

Kumanda Aubrey sanalire. Anali wotanganidwa kulamula anyamata, kuona za mahema, kuyankha foni. Apa misozi inangotuluka yokha, ndipo analira ngati mwana, nkhope ili m'manja. Analira chifukwa bambo ake anapita asanawafunse chilichonse cha ntchito, iye akuganiza kuti wa ku Limbe sangaphunzire kwa kalipentala wa pa Milepa. Amayi ake sanamutonthoze. Anamusiya alire, mkatimo hamala ikulirabe.

Atabwerera m'shedi, phokoso linaleka. Palibe anamuyang'ana kumaso. Mayi wa chitseko uja anali atapita, ndipo Gladson anali ataima pakhomo, thumba lili paphewa, akuyembekezera kutsanzika a Nabanda.

Aubrey anayandikira pakhomopo.

"Achimwene a Gladson," anatero ndi mawu otsika, "tabwerani mundigwirire thabwa kuseri. Koma lero wolemedwa ndine."

Gladson anamuyang'ana. Anayang'ananso a Nabanda, kenako kumsewu wopita kwawo ku Mauwa. Pomaliza anatsitsa thumba lija n'kulitsamiritsa pakhoma.

Pamsomali pafupi ndi zenera panali hamala ya malemu, yachigwiriro chakuda ndi thukuta, imene panalibe anaikhudza chichitikire maliro. Awiriwo asanakhote pakona, a Nabanda anaitsitsa. Analibe msomali woti akhome. Anangosankha chidutswa cha mwendo wolakwika uja, anachiika pa benchi, n'kuyamba kumenya.