Apongozi pa Chipata Chatsopano

Janeti anamanga bawuti yomaliza, napukuta thukuta ndi mkono, nakankha zitsulo za chipata chatsopano ndi bondo. Zinazungulira kamodzi n'kuima.

"Chatheka," anatero. "Munthu aziika chala pa kagalasi aka. Getsi lobiriwira likayaka, alowe. Mmodzimmodzi. Inu a Goliati malo anu ndi pano, pafupi ndi chitsulochi. Wolowa aliyense muzimuyang'ana kumaso. Makina akakana chala cha munthu woti mukumudziwa, muzidina batani ili."

Goliati anagwedeza mutu. Anali mlonda wa masana pa chigayo cha mpunga ku Bwanje. Matumba anali atayamba kusowa, ndiye eni chigayo anaitanitsa Janeti ku Lilongwe kuti adzaike chipatachi. Mipata yonse ya mumpanda anaitseka ndi waya.

Mpata umodzi, wa kuseri pafupi ndi ngalande, ndi umene ankalowera anaNgozo, apongozi ake a Goliati, amene ankapeta mpunga pachigayopo. Chikwatirire mwana wawo Maness, Goliati sanayang'anizanepo nawo maso kapena kuyankhulana nawo. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Maness anamwalira, koma mwambo unatsala. Uthenga pakati pawo unkayenda ndi Tisungane, mwana wamkazi amene Maness anasiya.

Antchito anandanda pamzere. Zala zawo zinali zitalembedwa kale dzulo lake mu ofesi.

"Achemwali," anafuula Dyton, wonyamula matumba, "nanga tsiku loti ndakhuta, mimbayi idutsa?"

"Mimba ya mowa imapindika, bambo. Ikani chala."

Anthu anaseka. Zitsulo zinayamba kuzungulira, mzere n'kumachepa. Goliati ankayang'ana nkhope iliyonse monga anamuuzira, koma maso ake ankathawira ku mtengo wa mango wa kutsidya kwa msewu. AnaNgozo anali ataima pamenepo, lichero kukhwapa, atafulatira chipata.

Onse atalowa, Janeti anawoloka msewu.

"Amayi, bwerani. Sichiluma ayi."

"Chitsulo sindikuopa, mwanawe. Koma amene aima pamenepowo."

"Anakulakwirani?"

"Sanandilakwire. Ndi akamwini anga."

Janeti anaseka. "Kwathu ku Kawale apongozi timapanikizana nawo mpando umodzi mu minibasi!"

"Kumeneko ndi kwanu," anatero anaNgozo.

Janeti anabwerera kuseka kutamuthera. Anapeza kapitawo, a Maynard, atafika pachipata. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu.

"Chipata ndi chimodzi, mlonda ndi mmodzi. Mpanda sinditsegulanso. Ngati salowa, lichero ligwira wina. Ofuna ntchito ndi ambiri."

"Ndiziyamba ndachoka kaye akamalowa," anatero Goliati.

"Mlonda wochoka pachipata? Ndiye tachiikiranji?"

Goliati ankadziwa kuti kamunda ka anaNgozo n'kochepa, ndipo ntchito yopetayi ndi imene inkawadyetsa. Anayang'ana batani lija, nayang'ana nsapato zake.

"Ndiikeni usiku," anatero.

"Usiku? Nanga mwana wanu azigona ndi yani?"

"Ndiikeni."

A Maynard anali ndi mawu aakulu, oti ngakhale chigayo chikulira ankamveka. "Chabwino! Kuyambira mawa Goliati ndi wausiku. Lero lokha amayiwo apite kwawo."

Kutsidya kwa msewu anaNgozo anatembenuka. Anakonza chitenje, nasuntha lichero kukhwapa lina, nayamba kuyenda. Goliati anafuna kubwerera m'mbuyo, koma kumbuyo kunali khoma. Anazolika.

AnaNgozo anaika chala pa kagalasi. Getsi lofiira linayaka. Anachipukuta pa chitenje, naikanso. Linayakanso lofiira.

"Mankhusu a mpunga anakupalani chala, amayi," anatero Janeti. "Makina akulephera kuchiwerenga. Apa mpofunika batani."

Janeti anali pafupi, akanatha kudina yekha, koma sanatero. Anapinda manja kumbuyo. Antchito ena anali atasiya matumba, akusuzumira pa waya.

AnaNgozo anayang'ana zitsulo zili patsogolo pawo.

"Dinani, bambo a Tisungane," anatero.

Goliati sanasunthe. Mawu amenewa anali atawamvapo kambirimbiri akuyankhula ndi anthu ena, koma osati ndi iye.

"Ndati dinani. Ndipo za usikuzo muiwale. Mwana wa Maness sangamagone yekha m'nyumba chifukwa cha ine."

Anadina. Zitsulo zinazungulira, anaNgozo n'kulowa, lichero atalikweza pamutu kuti lisakodwe.

"Aaa, a Goliati!" anakuwa Dyton. "Apongozi akutsegulirani pakamwa mwaulere? Nkhuku ituluke!"

"Ikhale yathadzi," anatero anaNgozo osacheuka. "Tambala wawo ndimamuona. Ndi wowonda."

Pabwalo ponse panali phwete. A Maynard anakanda m'mutu, nabwerera ku ofesi. Janeti analongedza zitsulo zake, napita kukadikira galimoto.

M'mawa mwake Goliati anafika ndi nkhuku yathadzi, ataimanga miyendo ndi luzi pa kaliyala wa njinga. Anaiika pamthunzi, naipatsa madzi m'chitini, naima pamalo pake. AnaNgozo anali chakumapeto kwa mzere. Atafika anaika chala, getsi lofiira n'kuyaka.

Goliati anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka. Nkhukuyo mubwere nayo kunyumba nokha, osatuma mwana. Dinani, ntchito ikudikira."