Chibwano Chopaka Vanishi

"Munati tichipale ndinu, alamu!" anatero Kamphepo.

"Ine ndinati pang'ono. Iwe unachipala ngati chitseko cha bwana," anayankha kalipentala, mwamuna wa achemwali ake, akufinya chipewa m'manja.

Kamphepo anatsala pang'ono kulira. Anali m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo patebulo panali chibwano cha nyama chimene chinasanduka mwala. Anachipeza chitasuzumira m'khoma la chigwembe, nachigwejula ndi khasu mosachedwa. Mlamu wakeyo ndiye anamulangiza kuti chinthu chopita kwa anthu ophunzira sichipita ndi dothi. Anachikwecha, nachipala ndi sandipepa, nachipaka vanishi mpaka chinawala ngati tebulo latsopano.

Chimalizire sukulu, Kamphepo sankatha phazi kunyumbayi, ndipo si mafupa okha amene ankamukoka. Kunali mtsikana woonetsa alendo, amene akamati "zaka mamiliyoni" ankamveka ngati akuimba. Mnyamatayu ankalota chibwano chake chili m'galasi, mtsikanayo ataima pambali pake n'kumafunsa kuti kodi anachipeza ndani. Koma pakamwa pake sipanatulukepo mawu oposa "zikomo".

Mayi wina, katswiri wa mafupa wa panyumbayi, anachitembenuza chibwanocho kwa nthawi yaitali, nausa moyo.

"Lekani kukangana. Tiyeni muone china chake."

Anawatengera m'holo, pomwe mtsikana uja ankapukuta galasi. M'katimo munandandalikidwa mafupa a miyendo, kuyambira kakang'ono mpaka lalikulu.

"Tawafotokozera, mwana wanga," anatero mayiwo.

"Awa ndi makolo a hatchi," anayamba mtsikanayo. "Koyambirira kanali kanyama konga galu, ka zala zinayi kumwendo wakutsogolo. Mibadwo itapita kunabwera za zala zitatu, kenaka chala chapakati chinakula n'kukhala chiboda chimene timachidziwa lero."

"Ndiye mumadziwa bwanji wamkulu kwa mnzake?" anafunsa kalipentala. "Zinkayenda ndi ziphaso zobadwira?"

Mayiwo anaseka. "Chiphaso chake ndi mwala, bambo. Miyala imasanjikizana ngati matabwa anu: wapansi ndiwo unayamba kuyalidwa. Fupa likadali pamalo pake limatiuza nthawi imene nyamayo inakhalako. Mukalizula, mwalitseka pakamwa. Manonso amakhala ndi timizere tosonyeza ngati nyama inkadya udzu kapena masamba. Timizereto tapita ndi sandipepa wanu."

Kalipentala anayang'ana pansi, nayamba kukanda utuchi umene unamatirira kumalaya.

"Ndiye kuti sichilowa m'galasi?" anafunsa Kamphepo.

"Ayi, mwana wanga. Chikhala m'kabati."

Mtima wa Kamphepo unagwa. Analakalaka pansi patang'ambika, makamaka poona kuti mtsikanayo wamva zonse.

"Komabe maso uli nawo," anapitiriza mayiwo. "Ambiri adadutsa pamenepo n'kuona mwala basi. Malowo ukuwakumbukira?"

"Ngakhale mutandimanga kumaso ndikafika."

"Mawa utiperekeze. Pamene pali chibwano mwina pali zina. Koma khasu ulisiye kunyumba. Ife timayamba tajambula ndi kuyeza, kenaka timakumba ndi kaburashi. Zitha kutenga miyezi."

"Miyezi?" Kamphepo anatong'ola maso.

Mtsikana uja anaphulika nako kuseka. "Nyama yakudikirani zaka mamiliyoni, inu miyezi yokha yakukulirani? Kodi mumathamangira chiyani?"

Aka kanali koyamba kuti mtsikanayo amufunse funso. Kamphepo anayang'ana chiboda, nayang'ana denga, nayang'ana nsapato zake. Mlamu wake anamugunda ndi chigongono m'nthiti.

"Nena, iwe. Tachita kale manyazi, palibenso chosunga."

Mayiwo anayamba kupukuta magalasi awo amaso ngati sakumva. Kamphepo anatembenukira mtsikanayo.

"Ndimafuna chifukwa choti ndikuyankhuleni," anatero. "Mawa mubwere nawo kuchigwembeko. Ndikufuna muone inuyo pamene ndinachipeza."

Phunziro: Mukapeza fupa kapena chinthu chakale m'nthaka, musachizule, musachitsuke, musachikongoletse. Chisiyeni pomwepo, sungani malowo m'mutu, ndipo kaitaneni akatswiri. Changu cha tsiku limodzi chimafufuta mbiri imene palibe angailembenso.