Injiniya Wanga Alibe Sipeya

Mwana wanga anali ndi ngongole yanga ya tsiku limodzi. Si ndalama ayi, ndalama amatumiza ndisanapemphe n'komwe. Ndikunena tsiku lathunthu, ali pambali panga, m'manja mulibe foni.

Diso langa lamanzere linali ndi ng'ala. Adokotala anati kupala kwake n'kosavuta, koma sapala munthu wobwera yekha, pamafunika wokugwira dzanja potuluka. Kawiri konse achipatala anandipatsa tsiku, kawiri konse ndinabwerako ndi ng'ala yanga. Ulendo woyamba foni ya mwanayo inalira tili pamzere, ndipo dzina langa linaitanidwa iye ali panja, wakhala pa simenti, laputopu pa maondo. Ulendo wachiwiri sanafike n'komwe. Namwino wa pawindo sanapite m'mbali: "Amayi, Lachinayi lino mukalephera, tidzaonana chaka chamawa. Odikira ndi ambiri."

Ine ndimagulitsa nsapato mumsika. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, koma mtsikana ameneyu ndinamuphunzitsa ndi nsapato zomwezo mpaka anatchedwa injiniya, ndipo kunyumba timangomuitana choncho, Injiniya. Ndinkati adzamanga milatho. Ayi ndithu, ndi mlonda. Amalondera makompyuta a kampani ina yogulitsa matikiti a basi pa foni kuti asagwe. Akagwa, foni ya ntchito imalira ngati mbuzi yokoledwa ndi chingwe, iye n'kusiya mbale, n'kutuluka m'bafa ndi thovu m'khutu.

"Ulondawu timasinthana, amayi," anandiuza. "Tilipo anayi."

"Nanga bwanji sabata iliyonse ndi iwe?"

"Anzangawo zikawavuta amaimbira ine. Makina akalewo ndimawadziwa ndine ndekha."

"Ndiye akukweza?"

Anaseka kuseka kosakoma. "Amakweza wopanga chinthu chatsopano chooneka ndi maso. Ine ntchito yanga ikayenda bwino, palibe chimachitika. Munthu angamukweze chifukwa palibe chachitika?"

Lolemba ndinavundikira benchi yanga, ulendo ku ofesi kwawo. Ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, masitepe makumi awiri ndi mphambu zinayi, ndinawerenga ndi maondo. M'kati muli mipando yonga matumba a thonje, tebulo losewerera kampira, ndi ma TV akuluakulu osaonetsa munthu, mizere yobiriwira yokhayokha. Pakhoma panali chikwangwani, ndipo mtsikana wa pakhomo anandiwerengera: PANO SITILOZANA ZALA.

Bwana wa Injiniya anatuluka atavala kabudula ndi masilipasi oti ine sindingawaike n'komwe pabenchi. Munthu wa ndevu zake, maondo pamtunda.

"Amayi a ngwazi yathu! Takulandirani! Mwana wanuyu ndi mzati wa kampani ino. Mwezi watha tinamupatsa kapu ndi tisheti."

"Tisheti sigwira munthu dzanja, bambo. Ndikumufuna Lachinayi, tsiku lonse."

"Aaa, Lachinayi ndi kumapeto kwa mwezi, anthu amayenda kwambiri. Koma tikumvetsa, amayi. Pano tili ngati banja."

"Banja lake ndine. Inu ndinu ntchito. Anamuchotsa pamzere kuchipatala tsiku lija ndi ndani?"

"Pano sitifunsa kuti ndani, timafunsa kuti chiyani. Chinthu chikawonongeka timakhala pansi, timalemba lipoti, ndipo palibe wolakwa. La tsiku lija linali lipoti labwino kwambiri, masamba asanu ndi limodzi."

"Diso langa lili patsamba liti?"

Anakanda ndevu. Injiniya anali pakona, wabisa nkhope kuseri kwa kompyuta ngati sandidziwa. A Kabudula anaona kuti mayiyu sagulika ndi mawu, basi anaganiza zondionetsa katundu. Ananditengera pa TV ija.

"Taonani, amayi, kuti mumvetse kukula kwa ntchitoyi. Mzere uliwonse ndi kompyuta yaikulu, timati seva. Iliyonse ili ndi sipeya wake. Iyi ikafa, iyo imanyamula katundu, wogula tikiti sadziwa n'komwe. Ndipo sitimangokhulupirira. Mwezi uliwonse timazimitsa imodzi dala, masanasana, anthu akugula."

"Dala?"

"Dala! Sipeya wosayesa si sipeya."

Mumsika, munthu akayamba kudzitama, iwe ingotchera khutu, mtengo autchula yekha.

"Sipeya wa mwana wanga ndi uti?"

Anatembenuka, n'kuloza anyamata atatu okhala ndi zomvera m'makutu. "Timu yonseyi."

"Munawayesa?"

Mmodzi wa magalasi anachotsa chomvera chimodzi kuti amve bwino.

"Ndiye muzimitseni Lachinayi. Dala. Tione ngati awa anyamula katundu."

"Amayi, munthu si makina."

"Lero mwadziwa? Makinawo ndiye mumawapumitsa."

"Chabwino, maola awiri."

"Tsiku lonse."

"Theka la tsiku, foni ikhale m'thumba mwake."

"Seva yanuyo mukamaizimitsa mumasiyako waya umodzi?"

Anayamba za kumapeto kwa mwezi zija. Ine ndinatola chikwama changa n'kulunjika kuchitseko. Zaka makumi atatu za mumsika zandiphunzitsa kuti mtengo weniweni umatuluka munthu akaonetsa msana. Ndisanagwire chitseko ndinamva, "Tadikirani kaye!" Nditacheuka, maso a bwanayo anali akuwala. Sikuti anandimvera chisoni ayi.

"Kuzimitsa munthu dala," akutero yekhayekha. "Anyamata, palibe kampani yachitapo zimenezi kuno! Izi ndikhoza kukakamba pamsonkhano waukulu uja!"

Anatola cholembera, n'kujambula mabokosi ndi mivi pabolodi, n'kuipatsa dzina lachizungu. Pomwe ndimatsika masitepe, nzeruyo inali itasanduka yake. Ndinamusiyira. Ine ndimafuna tsiku.

Madzulo ake Injiniya anafika kunyumba atatupa. "Amayi, mwandichititsa manyazi. Nanga zikagwa?"

"Zikagwa palibe wolakwa. Zalembedwa pakhoma, anandiwerengera."

Lachiwiri ndi Lachitatu anakhalira kulembera anzake malangizo: chakuti chikalira, gwirani apa, apo musagwirepo. Anati akhala akufuna kulemba zimenezi kwa zaka zitatu, koma foni simamupatsa mpata.

Lachinayi foni ya ntchito inatsala m'dirowa ya bwana. Yake ndi laputopu ndinazitsekera m'bokosi la nsapato, kiyi m'chikwama mwanga. Tinakhala pabenchi kuchipatala, ine atandidontheza kale mankhwala m'diso. Mwanayo dzanja lake limangopita m'thumba lopanda kanthu, kutuluka, kubwereranso, ngati munthu wosiya fodya.

Kutatsala anthu awiri kutsogolo kwanga, kafoni kanga ka mabatani kanalira. Nambala a ku ofesi anaipeza pa fomu ya ntchito ya Injiniya, pamene amalemba wachibale woimbira pakagwa ngozi.

"Amayi, ndi ine," mawu a a Kabudula. "Kuyesa kuja kwayenda bwino kwambiri, taphunzira zambiri. Tsopano mungotibwereka ngwazi yathu mphindi zisanu."

"Zagwa?"

"Kugwa kwenikweni ayi. Zangopendekeka. Mpando umodzi ukugulitsidwa kwa anthu atatu."

"Werengani zimene anakulemberani."

Anatsokomola. "Anazilemba bwino kwambiri. Kungoti tinazisunga mu seva yomwe yavutayo."

Injiniya anali atamva zonse, kafoni kanga sikasunga chinsinsi. Anatambasula dzanja. "Amayi, ndikudziwa pamene pavuta. Mphindi ziwiri zokha."

"Ulendo uja unati ziwiri zomwezo."

"Anthu akukangana m'mabasi, amayi."

"Akhala akukangana m'mabasi iwe usanabadwe."

Ndinabwezera foni kukhutu. "Bambo, seva mukaizimitsa imayankhula?"

"Ayi, koma amayi..."

"Uyunso sayankhula. Yesani wa magalasi uja, ndinaona kuti ali ndi makutu."

Pomwepo chitseko chinatseguka, namwino n'kuitana dzina langa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pepala lake. "Inu ndi aja obwerera aja? Woperekeza ali kuti lero?"

Foni inali ikuyankhulabe m'dzanja langa. Ndinangomuyang'ana mwana wanga ndi diso limodzi lomwe limaona. Iye anayang'ana foniyo nthawi yaitali ndithu, mpaka namwino anayamba kusuntha chala kupita pa dzina lotsatira.

"Ndili pano," anatero. Anatenga kafoniko, n'kuchotsa batire, n'kundiikira m'chikwama.

Kupala kwake sikunatenge ngakhale ola. Ndinatuluka ndi thonje pankhope, dziko lonse likuyendayenda, ndipo anandigwira pamkono kutsika masitepe. Kuyendetsa munthu sadziwa, amakoka ngati akuthamangira moto, ndinachita kumukalipira kawiri. Kunyumba anandiyalira pa sofa, anandidontheza mankhwala, kenako iye n'kugona pampando masana omwewo, kukamwa yasa, mpaka dzuwa kulowa. Ndinaganiza zomudzutsa, poti tsikulo linali langa, osati la tulo. Koma anali pomwepo, phazi lake likukhudza langa. Ndinawerengera kuti walipira.